Mbale Yopanda Nsima

Munali m'temu yaciwiri, mwezi wa June, nthawi ija ana amalowa m'kalasi atapisa manja m'khwapa cifukwa ca mphepo ya kuno ku Lundazi. Ndinapatsa ana anga a Giredi 11 ndime ya Cingerezi yoti awerenge, kenaka ayankhe mafunso. Ndimeyo ndinaitenga pa intaneti, pakuti mabuku athu ndi ocepa, ndipo amene alipowo ana anawaloweza kale mpaka ndi masamba ong'ambika omwe. Inali nkhani ya mtsikana wa ku America amene atate ake anadwala mwakayakaya, iye n'kuyamba kusamalira ang'ono ake. Pakati pa ndimeyo panali mawu akuti "she stepped up to the plate", ndipo funso lacinayi linafuna kuti mwana afotokoze tanthauzo la mawuwo.

Usiku ndikuconga, ndinapeza kuti ambiri analemba kuti mtsikanayo anasendera kufupi ndi mbale kuti adye. Mnyamata wina, amene sacedwa kugamula milandu, anawonjezera kuti mtsikanayo anali wadyera: atate ali gone, iye maso ali pa cakudya. Mtsikana wina wokhala kumbuyo kwenikweni analemba kuti mnzakeyo anayamba kutsuka mbale popeza amayi ake anali kudwazika ku cipatala. Ndinakweza bolopeni yofiira kuti ndiwathethe onsewo, koma dzanja linalema. Tanthauzo ndinali kulidziwa, pakuti ndinaliloweza kalekale: kulandira udindo pa nthawi yovuta. Koma mbaleyo inenso sindinali kuidziwa. Zaka zinayi pa yunivesite, zaka 9 coko cili m'manja, ndinali ndisanadzifunsepo kuti ndi mbale yanji imene munthu amakaimapo.

Mbaleyo ndi ya baseball, masewera a ku America amene ligi yake yakale koposa mwa zimene zilipo lero, National League, inayamba mu 1876. Timu iliyonse imalowetsa anthu 9. M'bwalo muli malo anayi oikidwa ngati ngodya za nyumba, otalikirana mamita 27, ndipo malowo amachedwa "base". Woponya amaima pa kaculu pakati, n'kuponyera mpira waung'ono wolimba ngati mwala kwa munthu amene waima ndi cibonga pa ngodya imodzi. Akaumenya amataya cibongaco n'kuthamanga, kuponda ngodya iliyonse, kufikira atabwerera pamene anayambira. Poyambira ndi pothera pamenepo ndiye "home plate". Lero ndi cidutswa ca mphira woyera ca ngodya zisanu, masentimita 43 m'lifupi, cokwiriridwa molingana ndi dothi. Koma m'zaka za m'ma 1850 cinali citsulo cozungulira, ndipo cinali kuonekadi ngati mbale. Amene munasewerapo raundasi ndi mpira wa mapulasitiki muli ana, munamuona kale msuweni wake wa masewerawa.

Tsono taonani cimene munthu wa ku America amaona akamva mawu aja. Anzako onse akhala pansi m'mbali mwa bwalo. Iwe watuluka wekha. Anthu 9 a timu ina maso ali pa iwe, khamu lonse maso ali pa iwe, ndipo mpira ukubwera pa liwiro la makilomita 150 pa ola. Palibe woti umupatsire, palibe woti ubisale kumbuyo kwake. Kwathu kuno mbale ndi malo a gulu. Timasamba m'manja motsatana, wamkulu poyamba, ndipo mwana wothamangira ku mbale asanaitanidwe amabwezedwa ndi diso lokha la amayi. Conco mnyamata uja amene anati mtsikanayo ndi wadyera sanalephere kuganiza. Anaganiza bwino ndithu, ndi zida zimene anali nazo. Cining'aco ndico cinafika kuno citatembenuka, wolimba mtima n'kusanduka wosusuka. Ife tikafuna cithunzi ca munthu amene watuluka yekha pamaso pa anthu timakacipeza ku gule: ng'oma yalira, akazi akuomba m'manja, wina n'kumanga nsalu m'ciuno, kulowa m'bwalo.

Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti mbaleyo ili ndi abale ambiri, ndipo aliyense ali ndi msampha wake. "Three strikes and you're out": mwana wa mphunzitsi kapena wa nesi amadziwa sitalaka, ndiye amamva kuti ukanyanyala nchito katatu akucotsa. Koma mu baseball "strike" ndi kuphonya mpira, kapena kulekerera mpira wabwino kuti udutse. Ukatero katatu, mwayi wako watha. Mawu amenewa sanathere m'bwalo. Mu 1994 boma la California linakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina lomweli, lakuti wopalamula mlandu waukulu kacitatu apatsidwe zaka 25 mpaka moyo wonse m'ndende. Kuli anthu amene amera imvi m'ndende pansi pa lamulo lokhala ndi dzina la masewera. "Rain check" ana a alimi amaimva bwino lomwe: kutuluka panja kukayang'ana ngati mitambo yacita mdima. Kwenikweni ndi tikiti imene oonerera anayamba kupatsidwa m'zaka za m'ma 1880 mvula ikaimitsa masewera, kuti adzalowe ulere tsiku lina, ndipo lero ndi njira yokanira kuitanidwa mwaulemu. "Right off the bat" inabweretsa mileme m'kalasi langa. "Out of left field" inasanduka munda wa kumanzere, ndipo pamenepa sindiwaimba mlandu ana, pakuti eni ake ku America komweko amatsutsanabe za gwero lake.

Zonsezi ndi zoseketsa ukamazinena m'cipinda ca aphunzitsi nthawi ya tiyi. Zinaleka kundiseketsa caka catha.

Tinaitanidwa ku msonkhano wa bungwe lina lothandiza masukulu, pa loji ina ya pa boma pano. Ndinapita ndi aciwiri kwa ahedi athu, bambo amene anayamba kuphunzitsa ine ndisanayambe Giredi 1. Mnyamata wa bungwelo, wocokera ku Lusaka, wa msinkhu wanga, atamva kuti zimbudzi za atsikana zinagwa ndi mvula anati, "Just give me a ballpark figure." Bambo aja anayamba akhala cete pang'ono. Kenaka anayankha mwaulemu, m'Cingerezi cao coongoka ca kale cija, kuti bwalo la mpira lilipo ndipo silifuna zambiri, mwina mapolo ndi neti cabe, koma cimene tabwerera ndi zimbudzi. M'cipindamo munamveka kuseka kwa m'mphuno. Ine ndinawerama, n'kumayang'ana botolo la madzi ngati palembedwa uthenga wofunika. Ndikanatha kuwatsina khutu asanayankhe, pakuti ndinakhala pafupi nao ndipo ndinaona kuti akayikira. Sindinatero. Ndinafuna kuti a ku Lusaka aone kuti ine ndine mnzao.

Pobwerera, titadutsa pa msika, anandifunsa: "Aphunzitsi, ndinalakwa pati paja?" Ndinawafotokozera kuti "ballpark" ndi bwalo la baseball, ndipo nambala yotere ndi imene sinagwe pa malo enieni komanso sinatuluke kunja kwa mpanda. Anagwedeza mutu, nati: "Nanga bwanji osangonena kuti mongoyerekeza?" Ndinalibe yankho. Mlimi aliyense wa ku Mwase kapena ku Lumezi amatha kuyang'ana munda n'kunena kuti muturuka ngolo zingati, ndipo saphonya ndi patali. Luso loyerekeza tili nalo. Cimene bambo aja analibe ndi kiyi wa kacipinda kamene anthu ena amalankhuliramo, ndipo ndikhulupirira kuti mnyamata uja nayenso anali asanaonepo baseball ngakhale pa kanema. Mawuwo anawatola m'maimelo ndi m'misonkhano, monga mmene ine ndinawatolera m'mafilimu.

Zikanakhala za m'kalasi la Cingerezi ndi m'misonkhano cabe, sindikanakutayitsani nthawi m'magazini ya zolemba za Cinyanja. Koma mbale ija yalowa m'nyumba, ndipo yabvala zovala zathu.

Ndimayang'anira kalabu ya olemba pa sukulu pathu, komanso ndimawerenga nthano zimene acinyamata amaika pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Zambiri ndi zabwino kuposa zimene ine ndinali kulemba pa msinkhu wao. Koma mwa apo ndi apo ndimapunthwa pa ciganizo cimene mawu ake onse ndi a Cinyanja koma Cinyanja mulibe. Mnyamata auza cibwenzi cake pa foni kuti amangofuna kuti akhudze maziko. Wakuba wocenjera aphimba maziko onse. Wophunzira wakhoza mayeso, wolemba n'kunena kuti wamenya mpira kunja kwa bwalo. Comalizaci ndico cimandipweteka mutu koposa. Mu baseball kumenya mpira mpaka kutuluka kunja ndi cipambano cacikulu, cifukwa palibe angaugwire, ndipo womenyayo amazungulira ngodya zonse mosathamanga. Kwa ife a mpira wa miyendo, kumenya mpira kunja kwa bwalo ndi manyazi. Ndi cimene amacita wosewera amene watsala yekha ndi goloboyi n'kuutumiza m'cimanga. Wolembayo anafuna kutamanda, wowerenga n'kumva cipongwe.

Ndifuna ndikhalitse pa nthano imodzi, imene mwini wake, mtsikana wa Giredi 12, wandilola kuikamba popanda kumuchula dzina. Ndi nkhani ya mayi wa kumudzi amene mwamuna wake wamwalira atangokolola soya. Nyumba yao ndi yofolera ndi malata 14, ogulidwa ndi ndalama za thonje la zaka zitatu, ndipo mayiyo amadziwa lata lililonse ndi caka cake. Pa maliro ponse mlamu wake ndiye munthu wabwino: atema nkhuni, athamangira ku cigayo, tsiku lina abwera ndi nkhuku kuti ana amasiye alaweko msuzi. Mwana wamkulu wa mayiyo ali pa sekondale ndipo anaphunzira za lamulo la cuma ca masiye la 1989, lija limapatsa ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20 ndi ena odalira malemu 10. Manambalawo ali nao m'mutu, koma pa bwalo la akulu mwana alibe pakamwa. Apa wolembayu anaona cinthu ceniceni, ndipo sanacite kucikuwa. Agogo a m'nthanoyi akamalankhula, umamva fungo la utsi. Mawu ao ndi afupiafupi, odukaduka, ena a Citumbuka osamasulira, ndipo palibe pamene ndinafuna kusintha.

Kenaka tsiku lifika. Mlamu uja abwera m'mamawa ndi ngolo, anyamata awiri ndi hamala. Ndipo pa malo amenewa, pamene nthano yonse inali kulunjika, wolemba analemba kuti apa ndi pamene moyo unamuponyera mayiyo mpira wokhota.

Ciganizo cimeneci cili ndi zilonda zitatu, ndipo cacitatu ndico cacikulu. Coyamba n'cakuti cithunzi cake n'copanda kanthu. Wowerenga wa ku Chasefu akamva za mpira wokhota amaganiza za kona kapena friikiki, ndipo amadabwa kuti mpira ukufuna ciyani pa nyumba ya maliro. Caciwiri n'cakuti liwu lasintha. Masamba atatu tinali kumva munthu wa m'mudzimo. Mwadzidzidzi walankhula ndi munthu wa pa kanema. Tsono cacitatu. "Curveball" ndi mpira umene woponya amaupotokola ndi zala kuti uoneke ngati ukubwera molunjika, n'kugwa pansi utatsala pang'ono kufika. Ndi cinyengo, inde, koma cinyengo cololedwa. Woponya bwino mpira wotere amaomberedwa m'manja, ndipo wophonya sakadandaula kwa wina aliyense. Komanso m'cining'a ca Cingerezico woponya si munthu, ndi moyo. Conco ndi ciganizo cimodzi wolemba wathu anamumasula mlamu uja. Kuba kunasanduka tsoka wamba, longa matalala kapena ntchemberezandonda m'munda. Munthu amene anakwera pa denga ndi hamala anasowa m'ciganizo, m'malo mwake munalowa moyo, umene sungaitanidwe ku bwalo la mfumu. Sizimene mtsikanayu anafuna kunena. Nthano yake yonse ikutsutsana nazo. Anabwereka mawu osadziwa ngongole imene anabwera nayo.

Ena mwa inu mwayamba kale kundikayikira kuti ndine wa gulu lija lofuna Cinyanja cosasakaniza, ca m'mabuku a Ntara ndi Gwengwe cokhacokha. Iyayi. Cinyanja cotero sicinakhaleko, ndipo ine ndinakulira m'tauni, kumene ciganizo cimodzi cimanyamula zinenero zitatu popanda wodandaula. Tamverani mmene timalankhulira za mpira wa miyendo. Wandale akanena mawu omupweteketsa yekha timati wadzigoletsa. Mnyamata akakanidwa timati wapatsidwa kadi yofiira. Womaliza koleji amene akudikira nchito ali pa benchi. Bambo wopezeka pa khomo la eni ake usiku wagwidwa ofusaidi. Masewera amenewa nawonso anabwera ndi Angerezi, ndipo mawu ake ambiri ndi obwereka, koma palibe amene amafunsa tanthauzo. Mpirawo tinaumenya ndi mapazi opanda nsapato mpaka zikhadabo kuzuka. Tinaumvera pa wailesi m'mawu a malemu Dennis Liwewe, tikuona ndi makutu. Tinaulira pamene ndege inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville usiku wa pa 27 April 1993, n'kupha anthu 30, mwa iwo osewera 18. Ine ndinali wamng'ono, koma ndimakumbuka amalume atakhala pa khonde osadya. Tinauvinira pa 12 February 2012, mu mzinda womwewo, Stoppila Sunzu atamwetsa penate imene inatipatsa cikho ca Africa pa zigoli 8 kwa 7. Mawu a mpira wa miyendo tinawalipira. Munthu akati moyo wake uli m'mapenate, m'mimba mwa womvera mumacita kuti myuu. Funso langa pa cining'a si lakuti cinabadwira kuti, koma lakuti thupi la wowerenga likucidziwa kapena ayi. Baseball ikhoza kudzafika pamenepo. Gift Ngoepe wa ku South Africa anasewera mu ligi yaikulu ya ku America mu 2017, ndipo ana a ku Uganda anafika ku mpikisano wa dziko lonse wa ana mu 2012. Koma ku Lundazi sinafike.

Pali cotsutsa cina colimba kuposa ico, ndipo anandiponyera ndi mnzanga wophunzitsa Cinyanja. Iye anati zining'a zambiri ndi mitembo yoyenda. Munthu wa ku London amati "touch base" asanaonepo baseball, ndipo amamvana ndi anzake. Ifenso timati munthu wagwira njakata. Ndani mwa ana athu angatiloze njakatayo? Ngati tanthauzo lafika, cithunzi n'ca nchito yanji? Ndinavomera kuti wanena zoona, koma theka. George Orwell analemba za zimenezi mu 1946, kuti fanizo likafa limabwerera kukhala liwu wamba ndipo silivuta kugwiritsa nchito. Koma limakhala liwu wamba m'cinenero cake comwe. Ukalinyamula liwu ndi liwu kupita nalo ku cinenero cina, umalidzutsa. "Touch base" m'Cingerezi ndi phokoso limodzi lotanthauza kulankhulana mwacidule, ndipo palibe amene amaona munthu akuponda ngodya ya bwalo. Koma ukati kukhudza maziko, wowerenga Cinyanja amaona dzanja, amaona maziko a nyumba, amaona munthu atagwada m'ngalande. Wadzutsa mtembo, ndipo wadzuka ndi nkhope ya munthu wina. N'cifukwa cake ndimati kusiya mawuwo m'Cingerezi momwe alili n'kwabwino kuposa kuwaveka Cinyanja. Mlendo wovala zakwao timamudziwa kuti ndi mlendo, n'kumufunsa kumene wacokera.

Mlandu waukulu pa zonsezi ndi wa ife aphunzitsi. Timalemba zining'a pa bolodi m'mizere iwiri, kumanzere cining'a, kumanja tanthauzo, ana n'kukopera, n'kuloweza. Timawauza kuti cimangirizo cokhala ndi zining'a cimakoma, ndipo iwo amaziwaza ngati mcere, asanalawe ndiwo. Mvula iliyonse ya m'zimangirizo za ana athu imagwa ndi amphaka ndi agalu. Inenso ndinaigwetsa motero pa mayeso anga a Giredi 12, ndipo ndinayamikiridwa. Sitiwauza kuti kuseri kwa cining'a ciliconse kuli nchito, masewera kapena cida cimene anthu ena anacigwira ndi manja. Ndipo mwana wa ku Lundazi ali kale ndi katundu wolemera. Kunyumba amalankhula Citumbuka. Ana amene ndikuphunzitsa tsopano anayamba sukulu nthawi ya ndondomeko ya 2014, pamene Giredi 1 mpaka 4 anali kuphunzira m'cinenero ca cigawo, ndipo ku Cigawo ca Kum'mawa kuno cinenero cimeneco ndi Cinyanja. Kenaka Cingerezi, cimene m'mabuku ndi ca ku Britain koma pa foni ndi ca ku America. Pa makwerero onsewa palibe pamene tinamufunsa mwanayu kuti agogo ake amati ciyani munthu akawapusitsa akumwetulira. Taphunzitsa mwana kuti mawu okoma amakhala kutali, ndiye akafika pa cimake pa nthano yake, pamene akufuna mawu amphamvu koposa, amatambasula dzanja kupita kutali komweko.

Amene anamverako Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, kapena kuwerenga nthano zake zimene Ernst Wendland anazisonkhanitsa, adziwa kuti munthu uja sanali kuopa mawu acilendo. Anthu ake a m'tauni anali kulankhula ngati a m'tauni. Koma nkhani ikafika pothina, Chongo anali kudalira mvekero ndi cinthu cooneka ndi maso. Ngakhale dzina la buku lake, Fumbi Khoboo!, likucitira umboni. Ndico cimene ndimafuna acinyamata athu aphunzire kwa iye, osati mawu ake enieniwo.

Ndipo ngati tifuna masewera oti atibwereke zithunzi, pali amene timawalambalala tsiku ndi tsiku. Pansi pa mtengo pafupi ndi msika, madoda amakhala mozungulira nsolo kuyambira m'mawa. Mizere inayi ya maenje, miyala, ndi kuwerengera kwa mumtima kumene kungacititse manyazi ana anga a masamu. Katswiri amaoneka ngati akutaya miyala yake dala. Mnzake amadya, nasangalala, nadyanso, osadziwa kuti akukokedwera pamene mwala umodzi udzagwere m'dzenje loyenera, mzere wake wonse n'kusesedwa. Kodi mlamu uja ndi nkhuku yake sanali kusewera nsolo? Komabe m'nthano zonse za acinyamata zimene ndawerenga m'zaka zapitazi, nsolo ndaipeza ngati cokongoletsa cabe, kusonyeza kuti tili kumudzi ndipo madoda alibe cocita. Palibe amene waitenga ngati njira yoganizira.

Sabata yotsatira mayeso aja ndinatulutsa kalasi panja. Tinajambula ngodya zinayi pa bwalo la netibo, n'kuikapo njerwa zitatu, ndipo pa ngodya yacinayi tinaikapo mbale yeniyeni ya citsulo imene tinabwereka kwa amayi ogulitsa vitumbuwa pa geti. Cibonga cinali mpini wa khasu. Ndinauza onse kuti akhale pansi, n'kufunsa amene angayambe. Anyamata aja a pakamwa anayamba kukankhana. Amene anaimirira ndi mtsikana uja wa kumbuyo, wotsuka mbale. Anayenda yekha mtunda wonsewo, anzake ali zii, nagwira mpini ndi manja awiri. Anaphonya koyamba, kaciwiri, kacitatu. Pobwerera anandiyang'ana nati: "Aphunzitsi, miyendo inali kunjenjemera." Ndinamuuza kuti yankho la funso lacinayi ndi limenelo. Malikisi ake ndinali nditamupatsa kale theka, ndipo mnyamata wa mlandu wa dyera uja akudandaulabe mpaka lero kuti ndinakondera.

Wolemba nthano ya malata ndinakhala naye masana ena kalabu itaweruka. Ndinamufotokozera za mpira wokhota, za woponya woomberedwa m'manja, ndi za mlamu amene wapulumuka m'ciganizo cake. Ndinamupatsa zining'a zathu zoti asankhepo: kugwiritsa fuwa la moto, kudyera masuku pamutu. Ndinamuuzanso za nsolo, ndikunyadira nzeru zanga. Anamvetsera mwaulemu, nakana zonse. Anati zoyambazo n'za m'buku la Giredi 9, ndipo mayi wa m'nthano yake sanakhalepo pa nsolo cifukwa akazi a kwao sasewera. Patapita masiku awiri anabweretsa tsambalo atafafaniza ciganizo cija, pamwamba pake atalemba ndi pensulo kuti: Alamu anabwera ndi nkhuku, anabwerera ndi malata.

Pa tsamba lomaliza la nthanoyo pali munthu wa bungwe lina amene amabwera pa galimoto kudzamva dandaulo la mayiyo. Amalemba m'kabuku, ayang'ana wochi, nalonjeza m'Cingerezi kuti adzabweranso, "just to touch base". Pamenepo ndinali nditazunguliza ndi bolopeni yofiira. Mtsikanayo anandibwezera pepala osasintha, nati: "Apo musiye, Aphunzitsi. Amayiwo sanamve, ndipo owerenganso asamve."